Udzu Womata Masokosi ndi Abale Ake

Aliyense amene anadutsapo njira yachidule ya kuseri kwa khitchini kapena ya pafupi ndi khola la ng'ombe m'mwezi wa Malichi akudziwa zimene zimachitika. Munthu umafika m'kalasi masokosi atadzaza tingala tobiriwira, tomata ngati tachita kusokeredwa ndi singano. Ukati uchotse kamodzi, kamakakamira pa mkono wa juzi. Ambiri a ife timangoti ndi udzu, n'kutaya pawindo. Koma udzu umenewu uli ndi dzina, ulinso ndi abale. Ena mwa abalewo amadya feteleza amene makolo athu agula movutikira, ena amanenepetsa ng'ombe, ndipo mmodzi amaphikidwa phala m'makomo ambirimbiri ku China. Kuwasokoneza kumaluzitsa. Mlimi akhoza kutentha udzu wabwino wa ziweto poganiza kuti ndi wachabechabe, kapena kuthira m'munda manyowa odzaza njere za udzu umene adzalimbane nawo zaka zingapo zikubwerazo.

Akatswiri a zomera amatcha banja lonseli kuti Setaria. Dzinali linaperekedwa mu 1812 ndi katswiri wa ku France, Palisot de Beauvois, ndipo likuchokera ku liwu la Chilatini lakuti seta, lomwe limatanthauza ubweya wouma, wonga wa pamsana pa nguluwe. Padziko lonse pali mitundu yoposa 100, ndipo yochuluka ndithu imapezeka kuno ku Africa. M'mabuku a Chingerezi mudzaupeza ukutchedwa bristlegrass kapena foxtail, ndiye kuti mchira wa nkhandwe, chifukwa cha maonekedwe a ngala yake. Mayina a kumudzi amasinthasintha. Dzina limene agogo a ku Thyolo amapatsa udzu wina likhoza kukhala la udzu winanso ku Ntcheu, n'chifukwa chake pano tigwiritsa ntchito mayina a sayansi. Asakuopseni, ndi ochepa chabe.

Choyamba, kodi ndi Setaria ndithu?

Si udzu uliwonse wa ngala yaubweya umene uli wa banja limeneli. Thyolani ngala yokhwima n'kuiyang'anitsitsa. Mudzaona tinjere tating'ono, ta mamilimita awiri kapena atatu, ndipo pansi pa kanjere kalikonse pali tindevu touma. Tindevuti si mbali ya kanjere. Ndi tinthambi ta ngalayo timene sitinabereke kanthu. Tsono fikisani ngalayo m'manja. Ngati tinjere tikugwa tokha, tindevu n'kutsalira pa phesi ngati burashi yotsukira botolo, ameneyo ndi Setaria. Ngati kanjere kakugwa pamodzi ndi tindevu take, ngati kampira kaubweya, ndiye kuti mwagwira udzu wa banja la nsenjere, limene mabuku akale amalitcha Pennisetum ndipo atsopano amaliphatikiza mu Cenchrus. Kayesedwe kameneka n'kosavuta, koma kamathetsa mkangano umene ophunzira za ulimi amatha nawo theka la ola atazungulira chitsa chimodzi cha udzu.

Chizindikiro china chili pamene tsamba limapatukana ndi phesi. Kokani tsambalo pang'ono n'kusuzumira mkati. Pa udzu wa Setaria womera m'minda mudzapeza kamzere ka tiubweya tofupika, tonga nsidze. Galasi lokulitsa zinthu limathandiza, koma kamera ya foni nayo imagwira ntchito mukaiyandikiza bwino pamalo owala.

Womata uja

Tiyambe ndi mdani wa masokosi athu, Setaria verticillata. Mabuku ena amatcha mtundu wake wa kumadera otentha Setaria adhaerens, koma kwa mlimi ndi chinthu chimodzi. Udzuwu umadziwika ndi chala, osati ndi maso. Gwirani ngala pansi pake n'kuseteka chala kupita kunsonga: chala chimakodwa. Bwererani kuchokera kunsonga kupita pansi: chimatsetsereka bwinobwino. Chifukwa chake n'chakuti kandevu kalikonse kali ndi timano tosaoneka ndi maso, ndipo pa mtundu uwu timanoto tinaloza pansi ngati mbedza. Pa mitundu ina yonse imene titchule pano timanoto tinaloza kumwamba, motero ngala zake sizimata chovala. Mukaona ngala ziwiri kapena zitatu zitakolana zokha m'tchire, mwina zitagwira ndi kachilombo komwe, musavutike n'kuwerenga china chilichonse.

Ndi udzu wa chaka chimodzi. Umamera ndi mvula, kubereka, n'kuuma. Mapesi ake ndi ofooka, amakonda kugwada pa mfundo za pansi kenako n'kudzuka, ndipo kawirikawiri sapitirira mita imodzi. Masamba ake ndi ofewa, opyapyala. Pansi pa kanjere pali kandevu kamodzi kapena tiwiri, mwa apo ndi apo kuposerapo pang'ono. Ngala yake siikhala yosalala ngati kandulo. Tinjere timakhala m'timagulu tozungulira phesi, ndipo chakumunsi timagulu timeneti timatalikirana.

Chimene chimatisangalatsa kwambiri pa udzu uwu ndi malo amene umasankha. Sumera mwachisawawa. Umafuna nthaka yonona, ya chinyontho, yokhala ndi kamthunzi. Mudzaupeza m'mbali mwa khola, pa dzala, kuseri kwa bafa kumene madzi amatayikira, pansi pa mtengo umene mbuzi zimausapo masana, pa chulu, ndiponso m'dimba limene lathiridwa manyowa ambiri. Ukamera mothithikana pamalo, ndiye kuti nthaka ya pamenepo ili ndi chakudya chambiri cha mbewu, makamaka nayitrojeni. Ndi mboni ya chonde, ngakhale kuti ndi mboni yosautsa. Ulendo wake umayenda motere: mbuzi kapena galu adutsa, ngala imata pa ubweya, chiweto chikagona m'khola, njere zigwera m'ndowe, ndipo mu Okutobala mwini khola atuta ndowezo pa ngolo kupita nazo kumunda. Iye amaganiza kuti wanyamula manyowa okha.

Komabe si wopanda ntchito. Ukadali wanthete, usanatulutse ngala, ziweto zimaudya bwino. Ku Namibia anthu ena amatola njere zake n'kuphika phala. M'madera ena a Africa alimi amayala ngala zoumazo pamwamba pa mbewu zosungidwa kuti makoswe aziopa kudutsapo, popeza zimawakakamira pa ubweya. Amene anayesapo kuchotsa ngala imodzi pa bulangete angamvetse chifukwa chake khoswe angasankhe nkhokwe ina.

Wachikasu wa m'mizere

Wachiwiri ndi Setaria pumila. Uyu ndiye amene timakumana naye kwambiri m'minda ya chimanga, mtedza ndi soya, m'mbali mwa misewu, ndi pamalo pamene nthaka yagalauzidwa kumene, monga pomwe akumanga nyumba. Mabuku akale a za ulimi a m'chigawo chino amautchula Setaria pallide-fusca, ena Setaria glauca. Mukapeza mayina amenewa m'laibulale musaganize kuti ndi udzu wina.

Ngala yake ndi yowongoka, yoima njo, yofanana kukula kwake kuyambira pansi mpaka pamwamba, ngati kandulo kakang'ono. Ikakhwima imakhala yachikasu, nthawi zina yofiirira ngati dzimbiri, ndipo dzuwa la madzulo likaiwomba munda wonse umaoneka ngati wathiridwa golide. N'zokongola kwa wodutsa, osati kwa mwini munda. Apa ndi pamene kuwerenga kumathandiza: pansi pa kanjere kalikonse pali tindevu tisanu kapena kuposerapo, pomwe womata uja ali ndi kamodzi kapena tiwiri. Kanjere kakenso kali ndi makwinya opingasa, ooneka bwino mukakayandikiza ku galasi, ngati chikhatho cha munthu amene wachapa tsiku lonse.

Koma mlimi sangadikire ngala. Ngala ikamatuluka ndiye kuti udzu wadya kale zimene unafuna kudya. Mwamwayi udzu uwu umadziwika ukadali waung'ono. Tsinde lake chakumunsi ndi lophwatalala, osati lobulungira, ndipo nthawi zambiri limakhala lofiirira pafupi ndi nthaka. Pamwamba pa tsamba, chakufupi ndi pamene limagwirana ndi phesi, pali tiubweya titalititali, totalikirana, pomwe mbali yotsala ya tsambalo ilibe. Tiubweya timeneto ndiye chizindikiro chodalirika mu Disembala ndi Januwale.

N'chifukwa chiyani udzuwu umalimbana kwambiri ndi chimanga? Setaria amapanga chakudya chake mwa njira imene asayansi amaitcha C4, yomwenso chimanga, mapira ndi nzimbe zimagwiritsa ntchito. Zomera zotere zimakula mofulumira kukatentha ndi kukawala kwambiri, ndipo siziwononga madzi. Ndiye kuti nyengo imene chimanga chimaikonda, udzuwunso umaikonda. Feteleza amene mwathira pa phando, onse awiri amamufuna pa nthawi imodzi, ndipo mizu yawo imafunafuna m'dothi lomwelo la pamwamba. Masabata asanu ndi limodzi oyambirira chimanga chitamera ndiye nthawi imene mpikisanowu umapweteka kwambiri. Zimene zatayika pa nthawi imeneyo sizibwerera ngakhale mudzapalire mwaukhondo chotani mu Febuluwale.

Pali vuto linanso kwa oweta. Udzu wouma umene wadulidwa ngala zitakhwima kale umakhala ndi tindevu tolimba, tomwe timalasa nkhama, lilime ndi milomo ya ziweto n'kuyambitsa zilonda. Mahatchi ndi amene amavutika kwambiri, koma ng'ombe nazo zimapwetekeka. Chiweto chikayamba kuchucha dovu ndi kukana kudya chitangopatsidwa udzu wouma watsopano, ndi bwino kuchitsekula kukamwa, ndiponso kumasula mtolo wa udzuwo n'kuona zimene zili mkati.

Wa kudambo: musaupse mtima msanga

Apa ndi pamene ambiri timalakwitsa. M'madambo ndi m'malo a chinyontho muli udzu wa ngala yachikasu, yaitali, yofanana kwambiri ndi ya Setaria pumila. Ameneyu ndi Setaria sphacelata, ndipo kwawo n'kuno ku Africa. Kuti muwasiyanitse, gwirani udzuwo pansi n'kukoka. Wa m'mizere uja amazuka mosavuta ndi mizu yake yonse, chifukwa ndi wa chaka chimodzi. Wa kudamboyu amakana. Ali ndi chitsa cholimba, chokhala zaka zambiri, ndipo pa chitsapo mudzaona zotsalira za masamba a chaka chatha, mwina zakuda ndi moto wa tchire. Mphukira zake za pansi ndi zophwatalala, zoyalana ngati zala za dzanja lotambasula. Amatalika mpaka mamita awiri, ndipo ngala yake imatha kutalika kuposa chikhatho, nthawi zina kuwirikiza kawiri.

Udzu uwu ndi msipu weniweni, wodzalidwa dala m'mayiko ambiri otentha. Mitundu yake yosankhidwa ili ndi mayina a malo a kuno: Nandi ndi Narok ndi ya ku Kenya, pomwe Kazungula inachokera ku Zambia. Alimi a ng'ombe a ku Queensland, ku Australia, anaudzala kwambiri, ndipo kumeneko wathawa m'mafamu n'kuyamba kumera m'mbali mwa misewu ndi mitsinje, moti tsopano ena amauwerengera m'gulu la udzu wosafunika. Umapirira madzi akadikha kwa kanthawi, n'chifukwa chake umachita bwino pamalo pamene udzu wina wa ziweto umavunda mizu.

Uli ndi chilema chimodzi chimene woweta aliyense ayenera kudziwa. Masamba ake ali ndi mchere wina wotchedwa oxalate, umene umagwira kashiamu m'mimba kuti asalowe m'thupi. Ng'ombe zimazolowera pang'onopang'ono, popeza tizilombo ta m'chifu chake timaphwanya mcherewo. Koma ng'ombe yanjala, yosazolowera, ikalowetsedwa mwadzidzidzi pa msipu wanthete wothiridwa feteleza ikhoza kudwala. Kwa mahatchi, ndiponso abulu amene ndi abale awo, nkhani ndi yoopsa kwambiri. Akamadya udzu umenewu wokhawokha kwa miyezi, thupi limayamba kutenga kashiamu m'mafupa, chiweto chimatsimphina, ndipo mafupa a kumaso amatupa. Mtundu wa Kazungula umadziwika kuti uli ndi mchere umenewu wochuluka kuposa wa Nandi. Amene kwawo ali ndi abulu okoka ngolo azisakaniza msipu.

M'dothi lakuda lamakande, long'aluka m'chilimwe, mumamera m'bale wake wina wokhalitsa, Setaria incrassata. Ku America kuli Setaria parviflora, wofanananso ndi wachikasu uja, koma mukamukumba mumapeza timfundo tolimba pa mizu yake. Phunziro lake ndi lomwelo: ngala yokha imanamiza, kumbani muone pansi.

A masamba opindapinda

Gulu lina silioneka ngati Setaria n'komwe mpaka mutayang'ana tindevu. Masamba ake ndi otambalala, opindapinda m'litali ngati siketi ya yunifolomu yosita bwino, kapena ngati tsamba la kamtengo ka mgwalangwa kongomera kumene. Wamkulu pa gululi ndi Setaria megaphylla, wokhalitsa, wotalika kuposa munthu, wokonda mthunzi wa m'mphepete mwa nkhalango ndi mitsinje, ndipo amalowerera m'minda ya mitengo. Ngala yake ndi yomasuka, ya nthambi, yosiyana kotheratu ndi kandulo uja.

Wamng'ono wake, Setaria homonyma, ndi wa chaka chimodzi, ndipo ndi amene amavutitsa m'minda ya m'madera a mvula yambiri. Popeza amapirira mthunzi, amakula bwino pansi pa chimanga chimene chatseka kale mizere, nthawi imene udzu wina wafooka. Mukaona kaudzu ka masamba ofewa, opindapinda, pansi pa chimanga chamasula, kapena pansi pa nthochi, kawirikawiri ndi ameneyu.

A kutali amene timakumana nawo m'mabuku

Mabuku ambiri a za udzu wa m'minda amene timawerenga analembedwa ku America ndi ku Ulaya, ndiye amadzaza masamba ndi mitundu iwiri imene si ya m'minda yathu. Ndi bwino kuidziwa, koma tisamaifunefune m'munda wa agogo.

Setaria viridis ndi wa kumadera ozizirirapo a Ulaya ndi Asia, ndipo anafalikira kwambiri ku Canada ndi kumpoto kwa United States. Ngala yake ndi yobiriwira, yofewa, yowonda chakunsonga, tindevu kamodzi mpaka titatu pa kanjere, masamba opanda ubweya. Ku Manitoba, ku Canada, kumapeto kwa zaka za m'ma 1980, alimi anapeza kuti udzuwu sukufanso ndi mankhwala a trifluralin, amene anakhala akuthira chaka ndi chaka m'minda yomweyo. Mankhwalawo ankapha udzu wofooka n'kusiya wolimba kuti ubereke. Popeza mankhwala opha udzu afika tsopano ngakhale m'magolosale a kumudzi kwathu, nkhani ya ku Manitoba si yakutali monga momwe ikumvekera.

Setaria faberi ndi chimodzi mwa zimphona pa mitundu ya chaka chimodzi. Anatchulidwa dzina la Ernst Faber, mmishonale wa ku Germany amene ankatola zomera ku China. Anafika ku United States kuchokera kum'mawa kwa Asia m'zaka zoyambirira za m'ma 1900, ndipo lero ndi mmodzi mwa adani akuluakulu a chimanga ndi soya m'zigawo monga Illinois ndi Iowa. Ngala yake imawerama kuyambira chakumunsi, ndipo pamwamba ponse pa tsamba pali tiubweya tofupika, tomveka ngati veleveti mukasisita.

Chodabwitsa n'chakuti Setaria viridis yemweyo, amene alimi a ku Canada amamuda, ndiye kholo la mbewu yolimidwa. Zaka masauzande angapo zapitazo alimi a kumpoto kwa China ankasankha ngala zazikulu, zosayoyoka njere, n'kumazidzala, mpaka anapeza Setaria italica, mbewu ya tinjere tachikasu imene imalimidwa mpaka lero ku China ndi ku India. Si mawere athu, si mcheweretu ayi, ngakhale kuti Chingerezi chimaziika zonsezi pansi pa dzina limodzi la millet. M'Chitchaina njere zake zokonola amazitcha xiaomi, ndipo kampani ya mafoni ija inatenga dzina lake pamenepo. Ena a ife tikuyenda ndi dzina la udzuwu m'thumba osadziwa. Asayansi nawo amakonda Setaria viridis chifukwa ndi wamng'ono ndipo amabereka pasanathe miyezi iwiri, motero amamugwiritsa ntchito pofufuza mmene zomera za C4 zimagwirira ntchito, m'malo modikira chimanga kapena nzimbe.

Tikaudziwa, titani nawo?

Mitundu ya chaka chimodzi imadalira njere basi. Ilibe njira ina yobwererera. Njerezo sizimera zonse pamodzi. Zina zimagona m'nthaka n'kudzuka ndi mvula yachiwiri kapena yachitatu, zina chaka chamawa, ndipo zambiri zimamera kuchokera m'dothi la pamwamba penipeni. N'chifukwa chake kupalira kamodzi sikukwanira. Kupalira koyamba chimanga chisanathe masabata atatu, kenako kwachiwiri kapena kubandira chisanafike m'chiuno, kumagwira magulu onse awiri a udzu womera. Palirani kukuwala dzuwa, chifukwa womata uja amatha kugwiranso pa mfundo zake ngati mwamusiya pa dothi lonyowa.

Ntchito imene ambiri timainyalanyaza ndi ya mu Malichi ndi Epulo. Chimanga chikakhwima timati udzu sungachitenso kanthu, n'kuusiya ubereke mwamtendere. Pamenepo ndi pamene nkhokwe ya njere za chaka chamawa imadzazidwa. Kumweta udzu wa m'malire a munda, wa pa chulu ndi wozungulira khola ngala zisanakhwime kumachepetsa ntchito ya khasu mu Disembala. Manyowa a m'khola nawo asapite kumunda osawola. Akaunjikidwa, kunyowetsedwa ndi kutembenuzidwa mpaka mulu utatentha mkati, njere zambiri zimafa.

Mukapeza udzu umene wakukanikani, uzuleni wonse ndi mizu yomwe, pamodzi ndi ngala yokhwima, chifukwa ngala yopanda chitsa siuza katswiri ngati udzuwo ndi wa chaka chimodzi kapena wokhalitsa. Uyaleni pakati pa nyuzipepala, tsindikani ndi mabuku olemera, ndipo muzisintha nyuzipepalayo tsiku lililonse mpaka utauma. Lembani tsiku, malo, mtundu wa dothi, ndiponso ngati panali mthunzi kapena madzi. Mabuku a Flora Zambesiaca amafotokoza zomera za Malawi, Zambia, Zimbabwe, Mozambique ndi Botswana, ndipo ku Zomba kuli National Herbarium, kumene amasunga zomera zouma zoyerekezera. Womata uja yekha muike m'nyuzipepala yakeyake, apo ayi mudzapeza atakolana ndi anzake onse.